Mchere umene ndinathira ku Chawama

Anzanga akamati anakulira m'nyumba yakutiyakuti, ine ndimangoti zii, chifukwa ife sitinakulire m'nyumba. Tinakulira m'chipinda. Chinali chachinayi pa mdadada wina kumunsi kwa Chawama, kumene madzi a mvula amakathera. Mdadada ndi nyumba yaitali yodulidwadulidwa, chipinda chilichonse banja lake ndi khomo lake, koma denga limodzi. Makoma apakati sankafika kumalata, ndiye munthu akatsokomola kuchipinda choyamba, wa kuchipinda chomaliza ankadziwa kuti ndi ndani. Mikangano ya anthu apabanja tinkaimva yonse, ndipo m'mawa tinkapatsana moni ngati sitinamve kanthu.

M'chipindamo tinkakhalamo anthu asanu ndi atatu. Atate ndi amayi ankagona pabedi, kuseri kwa chitenje chopachika pa waya. Ine ndi ang'ono anga atatu tinkayala pansi, mitu kukhoma, miyendo chopinda. Amalume, amene anachoka ku Katete ati adzangokhala milungu iwiri akufuna ntchito, anali atatha zaka zitatu akugona chopingasa pakhomo, moti wofuna kutuluka m'mamawa ankayamba wawadumpha. Wachisanu ndi chitatu anali atate aang'ono, mlonda wa pa sitolo ina m'tauni. Iwo ankafika ife tikudzuka n'kugwera pamphasa yathu isanazizire. Choncho masana chitseko chinkatsekedwa, windo n'kutchingidwa ndi katoni, ndipo mwana wolowa mwaphokoso ankalandira nsapato kumsana. Madzulo munalibe malo, masana munali mdima ndi mkonono.

Tebulo tinalibe, ndipo tikanakhala nalo sindikudziwa tikanaliimika pa mutu wa ndani. Koloboyi anali mmodzi, palafini wosowa, ndipo atate akangoti agone, nyali inkazima, kaya uli pakati pa chiganizo. Kope ukalisiya poyera, ang'ono ako alikhuthulira phala. Buku langa la sayansi linkaonda mlungu ndi mlungu, ine osamvetsa, mpaka tsiku limene ndinapeza amalume kuseri kwa nyumba akupichira fodya m'tsamba la ziwalo za duwa. Anandiuza mosatekeseka kuti amangotenga masamba amene ndawerenga kale.

Ndiye ine ndinkawerengera pamzere. Zinali zaka zija za makuponi a ufa, pamene sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinkangomveka mbiri kuti zafika kusitolo yakuti, anthu n'kuthamanga. Amayi ankagulitsa repu ndi tomato kumsika, choncho wa pamzere pabanja pathu ndinali ine. Ndinaphunzira kuwerenga chiimire, buku kumanja, thumba kukhwapa, phazi likukankha chigubu. Mitsinje ya dziko lino ndinailoweza pamzere wa pampopi. Masamu ogawa ndinawamvetsa pamzere wa ufa, tsiku lina limene tinaima kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, kenaka n'kutiuza kuti watha. Amayi a pamzere ankandiseka kuti ndine loya wa ku Chawama. Ndinkawasiya aseke, chifukwa mumtima ndinkagwirizana nawo.

Sindikudzitama, koma mutu ndinali nawo. M'kalasi mwathu mwa giledi seveni tinali ochuluka moti ochedwa ankakhala pa njerwa kumbuyo, ndipo buku limodzi la Chingerezi linkagwiridwa ndi manja asanu. Komabe mayeso a pa temu akabwera, dzina langa silinkatsika pa atatu oyamba. Aphunzitsi athu anali mayi wa ku Kopala, wamfupi, waukali, wolankhula Chinyanja chothira Chibemba. Sankayamikira munthu wamba. Tsiku lina akundibwezera kope anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ukafeluka, ninshi mu kilasi muno palibe wopasa." Mawu amenewo ndinayenda nawo mlungu wonse osamva njala.

Mayeso a giledi seveni ndiwo ankagamula moyo wa mwana wa m'komboni. Malo a ku sekondale anali ochepa, moti pasukulu pathu mayina a osankhidwa ankakwana pa pepala limodzi lomata pawindo la ofesi. Wopezeka papepalapo ankavala nsapato n'kupitiriza. Wosapezekapo ankapita kumsika, kokaswa miyala, kapena kubanja. Ine ndinkafuna dzina langa papepalapo kuposa china chilichonse, ndipo ndinalibe njira ina yachiwiri imene ndinkaiganizira.

Koma panali chinthu chimene ndinkachiopa kuposa mayesowo, ndipo ndinachionera pa mkulu wanga. Iye anakula ali giledi sikisi. Kwathu mtsikana akakula sagonanso m'nyumba imene mukugona atate ake ndi amuna ena apachibale. Kumudzi zimenezi sizivuta, kuli gowelo, kanyumba kogona atsikana okhaokha. Ku Chawama gowelo mukalimanga pati, pamene ngakhale chimbudzi chinali chimodzi mdadada wonse? Ndiye mkulu wanga anamutumiza ku George kwa azakhali, alongo awo a atate, kumene kunali zipinda ziwiri. Anati akungopita kukagona, sukulu azipitabe. Amene akudziwa Lusaka aseke. George ali uko, Chawama ali kuno, pakati pali tauni yonse ndi mabasi awiri. Anayesa wapansi kwa milungu ingapo, kufika belu litalira kalekale, kukwapulidwa, mpaka anatopa. Malo pasukulu ya kufupi ndi kwa azakhali sanapezeke. Pamene ine ndinkalowa giledi seveni, iye anali atazolowera kukhala pa tebulo la azakhali m'mbali mwa msewu, kugulitsa malasha a m'timapepala.

Zanga zinabwera kutatsala miyezi itatu kuti tilembe. Ndinali pamzere wa pampopi pamene ndinamva zachilendo m'thupi. Ndinasiya chigubu n'kuthamangira kuchimbudzi, ndipo nditaona, sindinalire ayi. Ndinawerenga miyezi pa zala. Itatu yokha. Ndinadziuza kuti ndikabisa miyezi itatu imeneyi ndilemba, kenaka anditumize kulikonse kumene akufuna. Mkulu wanga anali atandinong'oneza kale za tinsalu, ndiye ndinang'amba chitenje chakale cha amayi chimene palibe akanachifunsa.

Kubisa chinthu m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu ndi ntchito yaikulu. M'chipinda chotere mulibe chako. Bokosi ndi la onse, kunsi kwa bedi kuli mapoto, kuseri kwa chitseko kuli jekete la amalume. Chingwe choyanikira zovala chili pabwalo, pamaso pa amayi a mdadada wonse, anthu odziwa kabudula wa mwamuna aliyense ndi chigamba chake. Tinsaluto ndinkachapira kubafa mothamanga, wina akugogoda kale pa lata, n'kutifinya, kutikulunga m'pulasitiki, kutiika pansi pa mabuku m'chikwama. Chikwamacho, chosokedwa ndi thumba la ufa, ndicho chokha chimene chinali changachanga. Poweruka ndinkapatukira kuseri kwa tchalitchi china chosatha kumanga n'kuyanika pa njerwa kwa kanthawi, koma sitinkauma bwino. Makope anga anayamba kufufuma ndi chinyezi, inki kuyenderera. M'kalasi ndinkakhala chikwama chili pakati pa miyendo, mtima uli m'mwamba kuti wina amva fungo, ndipo zina zimene aphunzitsi ankanena zinkangondidutsa.

Zonsezo zinali zopirira. Chovuta chinali mchere. Amayi ankachoka kumsika mochedwa, ndiye wophika ndiwo zamadzulo ndinali ine. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akathira, amuna odya ndiwozo amadwala mdulo, matenda a m'chifuwa amene amamaliza munthu pang'onopang'ono. Ndinkazidziwa bwinobwino. Ndinali nditaona kambirimbiri amayi akuitana mng'ono wanga wotsiriza, kumuika mchere m'kadzanja n'kumuuza kuti aponye mumphika. Koma mbaula zonse za mdadada zinkayaka pabwalo limodzi, moyandikana. Ine kungoitana mwana kuti adzandithirire mchere, amayi onse asanu a pabwalopo akanatembenuka nthawi imodzi, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani ikanafika kumsika.

Tsiku loyamba ndinaima nthawi yaitali, mchere uli m'manja, repu akubwata. Ndinaganiza zongosiya osathira, koma amalume, munthu wosagula kanthu koma wodziwa kulawa, akanafunsa pamaso pa anthu. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuthira. Madzulo amenewo ndinaonerera atate akudya mokoma, mpaka kundiyamikira kuti ndiwo zakolera. Ine ndinangodya pang'ono n'kusamba m'manja. M'mawa anadzuka bwinobwino n'kupita kuntchito. Mkuja wake chimodzimodzi. Ndiye ndinati mwina nzabodza, kapena mwina mdulo sufika m'tauni. Mwezi wachiwiri ndinathira osaimanso.

Atate anali munthu wofatsa, wonyamula matumba pa fakitale ina ya kumaindasi. Sukulu sanapite nayo patali, koma makope anga ankawakonda. Lamlungu ankakhala pa chitini panja, kutsegula tsamba ndi tsamba ndi chala chonyowetsa, kufunafuna zochonga zofiira basi, akazipeza n'kumagwedeza mutu ngati awerenga zonse. Anayamba kutsokomola mwezi wachiwiri womwewo. Kunena zoona, woyamba kutsokomola m'chipinda chathu anali atate aang'ono, kalekale, ndipo tonse tinkati ndi mphepo ya ulonda. Koma chifuwa cha atate chinabwera ndi mphamvu. Chikawagwira ankatsamira khoma, thukuta lili kamukamu, ndipo malaya anayamba kuwalendewera m'mapewa. Pamphasa mutu wanga unkakhala pafupi ndi mwendo wa bedi, ndiye akatsokomola ndinkamva bedi likugwedezeka m'khutu mwanga. Pamzere buku ndinkalitsegula, maso n'kumayenda, koma osalowa kanthu. Ndinkadziwa chimene ndinachita, ndipo ndinkaopa kwambiri. Komabe mwezi wachitatu ndinathiranso, chifukwa kunali kutangotsala masiku ochepa.

Zinaululika Loweruka, kutatsala masiku asanu ndi anayi. Nyengo yotentha nsikidzi zinkachuluka, ndipo mdadada wonse unkapangana tsiku lotulutsa katundu panja, chifukwa ukapha zako wekha, za oyandikana nawo zimangodutsa pamwamba pa khoma kudzalowa m'malo. Bedi, mphasa, mabokosi, zonse pabwalo, madzi otentha m'ming'alu. Azakhali anali atabwera m'mawa womwewo kudzaona mlongo wawo, ndipo anali atakhala pa mpando wokhawo umene tinali nawo, kulamula ntchito imene sankaigwira. Ine anandituma kumpopi. Ndikubwera ndi chigubu pamutu, ndinapeza bwalo lili zii. Amayi anali atakhuthula chikwama changa kuti achiyanike. Makope anali pansi, ndipo pambali pake panali kapulasitiki kaja, kotseguka.

Amuna anachoka okha osauzidwa. Azakhali sanakweze mawu. Anandifunsa kuti ndinayamba liti, ndipo ndinawauza, poti panalibenso chobisa. Kenaka anatembenukira kwa amayi.

"Nanga ndiyo pano amapika ni ndani?"

Amayi anayang'ana pansi.

"Bamulamu, nifunsa imwe. Mchele amaika ni ndani?"

Kuseri kwa nyumba atate anatsokomola.

Zimene zinatsatira sindizikumbuka mwadongosolo. Azakhali anati amayi amalera ana ngati nkhuku, mwana mpaka kukula miyezi itatu iwo maso ali pa tomato, ndipo tsopano mlongo wawo wadulidwa m'nyumba mwake momwe. Amayi a mdadada aliyense anaponyapo lake. Amayi anga anandimenya mbama imodzi, yoyamba ndi yomaliza m'moyo wanga, kenaka n'kuyamba kulira iwowo. Kupatula amalume, abale awo anali kutali ku Katete, amuna awo akutha akuona, ndiye analibe pakamwa potsutsira. Chigamulo chinali chakuti ndinyamuke tsiku lomwelo kupita ku George, akandiike m'nyumba, alangizi andilange mlungu umodzi, ndipo atate awafunire mankhwala a mdulo. Ku Chawama sizikanatheka, namwali amafuna chipinda.

Atate anabwera akutsamira khoma n'kunena motsitsa kuti, "Mulekeni mwana alembe, vinangu tizaona pambuyo." Azakhali anawauza kuti nkhani za amayi asazilowerere, komanso palibe chimene chilephereke, ndituluka Lamlungu, Lolemba n'kukalemba. Nditawerama kuti nditole makope anga, azakhali anandigwira mkono.

"Namwali sagwila mabuku. Mapepala siyaola, uzayapeza."

Apa ndiye pamene pamandipweteka mpaka lero. Kwa azakhali anandipatsa chipinda ndekha. Anatulutsamo matumba a malasha, kusesa, kuyala mphasa, mkulu wanga n'kusamukira kwa azakhaliwo. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinali ndekha pakati pa makoma anayi, kopanda wolira, kopanda wochita mkonono, kuwala kukulowa pawindo tsiku lonse. Chipinda chimene ndinkachilota pamzere wa ufa chinali chimenechi, ndipo ndinalibe ngakhale kapepala. Ndinkakhala nditavala chitenje chokha, mutu pansi, osaloledwa kulankhula mokweza kapena kusuzumira panja. Madzulo kunkabwera alangizi awiri, amayi akuluakulu a kwathu ku Katete, kudzandiphunzitsa ulemu, ukhondo, ndi za mchere zimene ndinkazidziwa kale. Akachoka ndinkatola kachidutswa ka malasha n'kumalemba masamu pa simenti, ndikamva mapazi n'kufufuta msanga ndi chidendene.

Lachitatu azakhali anabwera ndi mizu imene anakatenga kwa bambo wina wodziwa zitsamba. Anandiuza kuti ndithiremo mchere ndi dzanja langa lomwe linalakwa, iwo akawapatse atate. Ndinathira ndi mtima wonse. Akumanga kamtoloko anandiyang'ana m'maso n'kunena mawu amene anandimanga kuposa loko aliyense.

"Mankwala aya yazasebenza ngati wasiliza mwambo. Ukachoka muno usanametewe, ninshi wabadula kachibili batate bako."

Loweruka mwamuna wa mmodzi wa alangizi aja anamwalira. Maliro masiku amenewo anali ochuluka, ndipo awa anati akaika Lachiwiri, podikira abale. Namwali satuluka alangizi ake ali pamaliro, ndiye kutuluka kwanga kunasunthira Lachitatu. Palibe anachita mwankhanza. Azakhali anandiuza ngati mmene munthu amanenera kuti madzi atha pampopi. Nditawakumbutsa kuti mayeso ayamba Lolemba, anati amayi akalankhula ndi ahedi, nawonso ndi munthu, za maliro azimva. Ankakhulupiriradi zimenezo. M'komboni chilichonse chinali chokambirana, mwini nyumba umamupepesa, woyang'anira mpopi umamunyengerera, ndipo palibe amene amakana mawu akuti maliro. Sankadziwa kuti mapepala aja amabwera omata, dziko lonse kulemba tsiku limodzi, ndipo likadutsa ladutsa.

Lolemba kusanache bwino mkulu wanga anakankha chitseko. Chitsekocho sichinkakhomedwa n'komwe. Anali atanyamula diresi lake la kutchalitchi ndi pensulo imene sindikudziwa anaitenga kuti.

"Vala, tiye. Njila niiziba. Tikayenda manje tizafika belu isanalile."

"Nanga batate?"

"Batate ni chifuba chabe. Iwe, ona ine. Ufuna unkale monga ine?"

Ndinavala diresilo. Ndinafika mpaka pakhomo lakunja, phazi limodzi pabwalo. Kunja kunali kamphepo kabwino, amuna a malasha akukankha njinga zawo kulowera m'tauni, azakhali ali mtulo. Palibe akanatigwira. Koma m'maganizo mwanga ndinaona atate akutsamira khoma. Ndinali nditathira mchere miyezi itatu ndikudziwa, chifukwa cha mayeso omwewa. Kuwachita kachinayi ndinalephera. Ndinabwerera m'chipinda, kuvula diresi, kumanga chitenje changa, kukhala pamphasa. Mkulu wanga sananditukwane. Anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika, kenaka anapinda diresi lake n'kupita kukayala malasha patebulo. Dzuwa litakwera ndinamva belu la sukulu ina ya ku George komweko likulira, phokoso la ana n'kutha nthawi imodzi. Ndinadziwa kuti ayamba, ndipo ndinalira mpaka mutu kupweteka.

Lachitatu anandimeta, kundisambitsa, kundiveka chitenje chatsopano. Amayi a ku George anaimba ndi kuvina, kundiponyera timphatso, n'kumanena kuti namwali wake ndi waulemu, taonani mmene wazyolikira. Lachinayi m'mamawa amayi anabwera kudzanditenga pa minibasi. Panjira anandiuza kuti Lolemba anapitadi kwa ahedi, kugwada mu ofesi, ndipo ahedi anangotambasula manja. Titafika, aphunzitsi anga aja anali pakhomo la kalasi. Anandifunsa kuti ndinali kuti. Ndiye maso awo anakwera pa duku langa, anaona kuti pansi pake palibe tsitsi, ndipo anamvetsa zonse. Mayi waukali uja anatembenukira kukhoma kwa kanthawi, kenaka anati, "Ngena, ulembe vamene vasala."

Ndinalemba zimene zinatsalazo. Zinali zophweka, ndipo kuphwekako ndiko kunandiwawa. Funso lililonse ndinkalidziwa, ndinkakumbuka ndi mzere womwe ndinaliwerengera. Ndinadetsa timabokosi tonse bwinobwino, osatulukira m'mbali, ndikudziwa kuti masiku atatu opanda kanthu palibe mutu umene ungawakwirire.

Ku Chawama sindinabwerere kukakhala, poti tsopano ndinali wamkulu. Ndinakhala ku George, pa tebulo la malasha, pambali pa mkulu wanga. Zotsatira zitatuluka sindinapite kukaona pawindo la ofesi. Aphunzitsi anatumiza mawu kwa amayi kuti ndikabwereze, andisungira malo mpaka temu itayamba, koma George ndi Chawama anali asanasendere pafupi. Atate ankati ndidikire pang'ono, akangochira apeza nyumba ya zipinda ziwiri, ine ndi mkulu wanga tibwerere tonse. Ankanena zimenezi ntchito itawathera kale.

Mizu ija sinathandize. Pamapeto amayi anawatengera kukiliniki, ndipo kumeneko anati ndi chifuwa chachikulu. Anesi anafunsa kuti m'chipinda timagonamo angati, windo limatsegulidwa kapena ayi, wina wotsokomola alipo kapena palibe. Kenaka analangiza kuti wodwalayo azigona yekha m'chipinda chopita mphepo. Amayi akuti anaseka pamaso pa anesiwo, kuseka koipa, mpaka anthu kutembenuka. Atate aang'ono anawatengera kumudzi ali ofooka, ndipo sanabwereko. Atate anamwalira mvula ili pakati, madzi atazungulira mdadada, anthu onyamula bokosi akuponda pa njerwa.

Lero ndikudziwa mmene chifuwa chachikulu chimayendera. Ndawerenga zithunzi za pamakoma a kiliniki, ndipo wina atandifunsa ndingamufotokozere bwino kuti ndi mpweya, anthu asanu ndi atatu kupumirana m'chipinda chotseka, mchere ulibe mlandu. Ndimatha kunena zimenezo ndi pakamwa. Koma mumtima muli mtsikana amene sanamve, ndipo zaka zonsezi ndalephera kumutsimikizira. Azakhali ndinawada nthawi yaitali, ndipo pamaliro a atate sindinakhale nawo pafupi. Pano chidanicho chinatha. Ankafuna kupulumutsa mlongo wawo ndi nzeru zimene anali nazo, ngati mmene ine ndinabwererera pakhomo paja. Chimene chimanditopetsa n'chakuti mkwiyo ulipo koma ndilibe munthu woti ndimupatse. Tikanakhala ndi kachipinda kena, kakang'ono bwanji, ndikanawauza amayi tsiku lomwelo, mwana akanathira mchere, ndipo ndikanalemba.

Maliro atatha, abale a ku Katete anatengana ndi amalume pobwerera. Patapita milungu iwiri amayi anabwera ku George. Anali ataonda, atavala zakuda, ndipo anaima patsogolo pa tebulo la malasha ngati wogula. Anati mkulu wanga atsale, azakhali akumufuna, koma ine nditenge zovala zanga, chifukwa m'nyumba mulibenso mwamuna woti ndimuthawe.

Tinafika ku Chawama masana. Chipinda chija ndinachipeza chachikulu modabwitsa. Ang'ono anga atatu anali atakhala pakona imodzi mwachizolowezi, mothithikana, ngati sakuona kuti kwina konseko kulibe munthu. Sukulu zinali zitatsegula kalekale, malo anga atapatsidwa wina, ndipo kubwereza kunkafuna munthu woti akudyetse chaka china, pamene pakhomo wogwira ntchito anali atatsala mmodzi. Amayi ankazidziwa zonsezi. Komabe anandigwira paphewa n'kundilozera pansi, pamene kale pankagona amalume.

"Manje malo yalipo, mwana wanga. Ungabelenge mwamene ufunila."

Ananena ndi mtima wabwino. Ndinafuna kuwafunsa kuti ndiwerenge za chiyani, koma nditaona nkhope yawo ndinangoti zikomo. M'mawa mwake ndinasenza dengu la tomato n'kuwatsatira kumsika, ndipo ndi komweko ndakalambira.